Sitata ikatopa ndi moto wa ekizozi

Mu Okutobala chaka chatha ndinabwereka pikapu ya alamu anga kuti ndikatenge mbuzi ziwiri ku Chikwawa. M'mawa inalira nditangotembenuza kiyi kamodzi. Pobwerera, nditamaliza chitunda chija chochokera ku Thabwa kulowera ku Blantyre, dzuwa likuswa mtengo, ndinaima kuti ndigule madzi. Mphindi khumi zokha. Pobwerera m'galimoto ndinatembenuza kiyi, ndinangomva "kwa!", kenako zii. Mbuzi kumbuyoko zikulira, anyamata ayamba kale kunditchulira mtengo wokankhira.

Ndinaganiza za batire, koma nyali zinkawala bwinobwino. Ndinakhala pamthunzi pafupifupi mphindi 40, ndipo nditayesanso, galimoto inalira ngati sinalakwe kanthu.

M'mawa mwake makaniko wina anandilowetsa kunsi kwa galimotoyo. "Aphunzitsi, taonani apa," anatero. Sitata, kamota kamene kamazunguza injini poiliza, inali motalikana ndi paipi ya ekizozi ngati zala zitatu basi. Paipiyo inali yochita kuwotcherera, ndipo kachitsulo kopyapyala kamene kamakhala pakati pa ziwirizi kanalibepo. Alamu anavomera kuti anakachotsa chifukwa kankasokosa.

Tiyeni tsono tione zimene zinachitika, chifukwa zonse zili m'mabuku anu a Physics.

Utsi ukamatuluka mu injini umayamba wadutsa m'mapaipi otchedwa manifold, kapena header ngati ali achitsulo chopyapyala. Injini ikamakoka katundu pachitunda, mapaipiwa amatha kupitirira madigiri 600. Galimoto ikamayenda, mphepo imachotsa kutentha kwambiri. Mukangoima n'kuzimitsa injini, mphepo ija yatha, koma chitsulo chikadali moto. Kutentha kumayamba kulowerera m'zinthu zoyandikana nacho. N'chifukwa chake sitata imatha kutentha kwambiri galimoto itaima kusiyana ndi pamene imathamanga. Amakaniko amati heat soak.

M'kati mwa sitata muli mawaya a kopa okulungidwa kambirimbiri. Kopa akatentha, resistance yake imakwera ndi pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. Zikuoneka zochepa eti? Werengani. Sitata ikatentha ndi madigiri 100 kuposa mmene inalili m'mawa, resistance yakwera ndi pafupifupi 40 peresenti. Batire ndi yomwe ija ya mavolti 12. Lamulo la Ohm likuti I = V/R, choncho pamene pankadutsa ma amp 100 tsopano padutsa 71 okha. Pamwamba pa sitata pali solenoid, koyilo imene imasanduka maginito n'kukankha kagiya kuti kalumane ndi flywheel, komanso kulumikiza magetsi aakulu opita kumota. Magetsi akachepa, maginito amafooka. Ndiye "kwa!" uja. Ngati mawaya a batire ali kale ndi dzimbiri, vutoli limabwera msanga.

Funso limene ndimakonda kufunsa a Fomu 3 ndi ili: paipi sinakhudze sitata, nanga kutentha kunadutsa pati? Ambiri amathamangira kunena conduction. Ayi, pakati panali mpweya, ndipo mpweya sudutsitsa bwino kutentha mwa njira imeneyo. Convection inathandizako pang'ono. Wamkulu pa mlanduwu ndi radiation, kutentha kumene mumamva kumaso mukakhala pafupi ndi mbaula ngakhale simunaikhudze.

Radiation ili ndi khalidwe loopsa. Lamulo la Stefan ndi Boltzmann likuti mphamvu imene chinthu chimatulutsa imayendera T⁴, T ikakhala mu kelvin. Tengani paipi ya madigiri 300, omwe ndi 573 K, ndi ina ya madigiri 600, omwe ndi 873 K. Gawani 873 ndi 573 mupeza pafupifupi 1.52. Chulukitsani nambalayi ndi iyo yomwe kanayi. Yankho lipitirira 5. Paipi yachiwiriyo ikulavula kutentha kopitirira kasanu, osati kawiri monga mmene ambiri mukanayankhira pamayeso.

Apa m'pamene kachitsulo ka alamu anga kankagwira ntchito. Aluminiyamu wonyezimira amabweza gawo lalikulu la radiation imene yamugwera, ndipo naye amatulutsa yochepa kumbali inayo. N'chimodzimodzi ndi mkati mwa fulasiki ya tiyi. Koma pali chinsinsi chimene ambiri amaphonya: kachitsuloko kasagunde paipi, ndipo pakhale mpata wa mpweya pakati pake ndi sitata. Kakagunda paipi, mwatsegulira conduction khomo, chifukwa aluminiyamu amadutsitsa kutentha mosavuta. Kakadetsedwa ndi oyilo ndi fumbi, kunyezimira kwatha, ntchito yakenso yachepa.

Vutoli n'lodziwika kwambiri ku America pa galimoto zakale za Chevrolet za injini ya V8, zimene eni ake amaikamo ma header odutsa pafupi ndi sitata. Ena amaveka sitata bulangete losapsa lokhala ndi aluminiyamu kunja. Ena amakulunga mapaipi ndi nsalu ya fibreglass. Njira yachiwiriyi ine siindisangalatsa kwenikweni, chifukwa nsaluyo imasunga chinyezi ndipo paipi ya chitsulo wamba imadyeka msanga ndi dzimbiri. Enanso amagula sitata yaing'ono kuti mpata ukule.

Chimodzi chokha musayese, ngakhale wina pamsewu akulimbikitseni: kuthira madzi ozizira pamenepo. Chitsulo chotentha chikazizira mbali imodzi mwadzidzidzi chimakhwinyata mosafanana, ndipo manifold ikhoza kung'aluka.

Makaniko uja anadula chidutswa cha aluminiyamu, n'kuchipinda, n'kuchimanga ndi mabawuti awiri, kusiya mpata woti chala chilowe mbali zonse. Anapalanso mitu ya batire ndi waya wopita kuthupi la galimoto. Sabata yotsatira ndinakwera chitunda chomwe chija masana, n'kuima dala pamalo omwe aja. Anyamata aja anandizindikira n'kuyamba kuyandikira. Ndinadikira mphindi khumi, ndinatembenuza kiyi, ndipo anabwerera kukakhala pansi.