Tisadikire uthenga wa maliro: tisonkherane zipangizo za chipatala chathu

Uthenga wa maliro ukafika pamudzi, sitiuzana kawiri. Amayi amatuluka ndi ufa m'malichero, anyamata amanyamula makasu kulunjika kumanda, wina amathamangira kukagula sanda, ndipo abale athu a ku Joni amatumiza ndalama pafoni dzuwa lisanapendeke. Pofika nthawi ya swala ya janaza, zonse zimakhala zitalongosoka. Umenewu ndi mwambo wabwino, ndiponso ndi udindo umene chipembedzo chinatisenzetsa.

Koma ambiri a ife tinagonapo kuchitando kudikirira m'bale wodwala, ndipo tikudziwa zimene zimachitika masiku aja uthenga wa maliro usanatumizidwe. Tinaonapo namwino akuyenda kuchoka wodi ina kupita ina kukabwereka makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Tinaonapo ana awiri kapena atatu akugawana makina amodzi a mpweya, ndi mayi wongochira kumene atagona pansi chifukwa mabedi adzaza. Tsiku la imfa lili m'manja mwa Allah yekha, izi sititsutsa. Komatu Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anatilimbikitsa kufunafuna mankhwala tikadwala. Ngati timatha kusonkherana mwachangu chotere kuti tiike m'bale wathu m'manda mwaulemu, chingatiletse n'chiyani kusonkherana kuti chipatala chikhale ndi zomuthandizira akadali moyo?

Zimene zimasowa si zazikulu nthawi zonse

Tikamva za zipangizo za chipatala, maganizo athu amathamangira ku makina ojambulira m'thupi a mamiliyoni ankhaninkhani, ndipo timagwa ulesi tisanayambe n'komwe. Chonsecho zambiri zimene zimapulumutsa moyo pachipatala chaching'ono n'zoti mudzi ungazikwanitse.

Titenge mpweya wa okosijeni. Mumpweya umene timapumawu, okosijeni ndi magawo 21 okha pa 100 aliwonse. Mwana wodwala chibayo, khanda lobadwa masiku asanakwane, kapena mayi wotaya magazi ambiri pobereka amafunika wochuluka kuposa pamenepo. Pali makina, aakulu ngati kafiriji kakang'ono, amene amakoka mpweya wa m'chipindamo, kuchotsamo mpweya wina wosafunika, n'kupereka kwa wodwala okosijeni wofika magawo 90 kapena kuposerapo. Makinawa safuna kukadzazitsa kutauni ngati silinda, koma amafuna magetsi osadukiza ndiponso kutsuka kapena kusintha tosefera fumbi. Palinso kachipangizo kopana pachala, kamene kamauza dokotala m'kanthawi kochepa ngati magazi a wodwala ali ndi okosijeni wokwanira. Popanda kachipangizoka, wachipatala amangodalira maso.

Kwa makanda ovutika kupuma, zipatala zambiri za m'maboma zili ndi makina otchedwa Pumani, amene anapangidwa mogwirizana ndi akatswiri a ku Rice University ku America ndi madokotala a ana a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Makinawa ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi a kunja, koma nawonso amafuna timapaipi ta m'mphuno, magetsi ndi munthu wodziwa kuwakonza. Tikawonjezera matiresi okutidwa ndi pulasitiki, masikelo a ana, njinga zonyamulira odwala, nyale za sola za m'chipinda choberekera ndi mabatire osunga magetsi, tiona kuti mndandanda wonsewu suli kutali ndi matumba athu.

Phunziro la chaka cha 2021

Dziko lino linaona kale kuti anthu wamba angachite zotani. Mu Januwale 2021, mliri wa Covid-19 utafika pachimake, tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, pa 12 Januwale: malemu Sidik Mia ndi malemu Lingson Belekanyama. M'masiku omwewo, bambo wina amene anagonekedwa pachipatala china chachikulu ku Lilongwe analemba pa Facebook kupempha thandizo. Masilinda a mpweya analipo, koma kunalibe kachipangizo kamene amamanga pakamwa pa silinda kuti mpweyawo ufike kwa wodwala pamlingo woyenera. Bamboyo anamwalira patangopita masiku ochepa.

Imfa imeneyi inakhudza mlembi Stanley Onjezani Kenani, amene pamodzi ndi anzake anayambitsa thumba la nzika wamba lothandizira zipatala. Amalawi a m'dziko muno ndi a kunja anaponyamo mamiliyoni ambiri a makwacha, ndipo anagula masilinda, tizipangizo tija ndi zina zofunika m'mawodi. Chimene chinapangitsa anthu kupitiriza kupereka n'chakuti otsogolera ankalengeza poyera, kawirikawiri, ndalama zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Munthu akaona kumene ndalama yake yapita, dzanja lake silivuta kutambasukanso.

Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi zifukwa zathuzathu zokumbukira phunziroli. Mu Epulo 2018 moto unawononga mbali ina ya chipatala cha boma cha Mangochi, chomwe chimatumikira boma la anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa chaka chomwecho. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1 700 m'dziko muno, ndipo Mangochi, Salima ndi Nkhotakota anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Wodwala wa ku Makanjira akalephereka pachipatala cha kwawo, ulendo wa ku Mangochi ndi wa maola angapo, ndipo akalepherekanso kumeneko, ulendo umapitirira mpaka ku Zomba. Chipangizo chilichonse chimene chingapezeke pafupi ndi mudzi chimafupikitsa ulendo umenewu.

Zakaat kapena sadaka?

Nkhani yosonkha ikangoyamba pamzikiti, funso loyamba limakhala lakuti: kodi tingagwiritse ntchito zakaat? Zakaat, yomwe pa ndalama ndi katundu wa malonda imakhala magawo awiri ndi theka pa 100 aliwonse a chuma chimene chafika pa nisaab ndipo chatha chaka, ili ndi eni ake. Qur'an yolemekezeka, mu Surat At-Tawbah ndime ya 60, inatchula magulu asanu ndi atatu oyenera kuilandira. Maulama ambiri amaphunzitsa kuti zakaat iyenera kufika m'manja mwa munthu woyenerayo kuti ikhale yakeyake, choncho siyoyenera kugulira makina amene adzagwiritsidwe ntchito ndi olemera ndi osauka omwe. Alipo ena amene amaona mosiyanako. Njira yopanda chikaiko ndi iyi: zakaat ithandize wodwala wosauka mwachindunji, monga pa mankhwala, chakudya kapena ulendo wa kuchipatala chachikulu, pamene zipangizo zigulidwe ndi sadaka yodzipereka. Komiti iliyonse ikhale pansi ndi masheikh a m'dera lake isanalandire ngakhale tambala, ndipo matumba awiriwa asasakanizidwe.

Sadaka yotereyi ili ndi mbiri yaitali. Sayyidina Uthman bin Affan (Allah asangalale naye) anagula chitsime cha Ruma ku Madina n'kuchipereka kuti anthu azitunga mwaulere. M'chaka cha 1284, Sultan Qalawun anamanga chipatala chachikulu mumzinda wa Cairo ndipo anachiikira waqf, kutanthauza chuma chopatulidwa chimene phindu lake linkalipirira madokotala, mankhwala ndi chakudya cha odwala. Hadith yodziwika bwino imatchula sadaka yopitirira monga chimodzi mwa zinthu zitatu zimene mphoto yake siduka munthu akamwalira. Timakonda kuiganizira sadaka imeneyi pa zitsime ndi mizikiti, ndipo n'zoona. Koma makina amene akuthandiza makanda kupuma chaka ndi chaka nawonso ali m'gulu lomwelo.

Tikumbukirenso kuti chipatala sichifunsa chipembedzo pakhomo. Ana athu ambiri anabadwira pa St Martin's ku Malindi kapena pa St Anne's ku Nkhotakota, zipatala za mpingo wa Anglican. Bedi limene tingagule lidzagonedwa ndi Msilamu lero, Mkhristu mawa. N'chifukwa chake n'kwanzeru kuitana mafumu, abusa, amalonda ndi makomiti a m'madoko kuti ntchitoyi ikhale ya dera lonse. Mutu umodzi susenza denga.

Pang'onopang'ono ndi mtolo

Tiyeni tingoyerekeza. Mzikiti wa anthu 200, aliyense ataponya K500 Lachisanu lililonse, ungapeze K100 000 pa sabata. Mizikiti khumi yotere itagwirizana, ndi K1 miliyoni pa sabata, K52 miliyoni pa chaka. Apa sitinawerengere abale athu a ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, amene sazengereza kutumiza akauzidwa bwino cholinga chake, kapena amayi a dawa, amene luso lawo losonkhetsa ndi kusunga ndalama tonse timalidziwa.

Sikuti aliyense apereke ndalama. Mwini chilimira angapatule ndowa imodzi ya usipa usiku umene Allah wamudalitsa. Mlimi wa mpunga ku Salima kapena ku Nkhotakota angapatule thini pa nthawi yokolola, komiti n'kugulitsa. Kalipentala angakonze mabenchi a odwala, wowotcherera zitsulo angakonze mabedi othyoka amene angounjikidwa kuseri kwa wodi. Chofunika n'kudziwa nyengo: sitingayembekezere zambiri kwa asodzi mwera ukamawomba kapena nyanja ikatsekedwa, monganso sitingavutitse mlimi mu Febuluwale. Ramadhan, pamene mitima imafewa, ndi nthawi yabwino yoyambira.

Tifunse kaye eni ntchito

Zolinga zabwino zambiri zathera m'chipinda chosungiramo katundu. M'zipatala zambiri muli makina opatsidwa mwachifundo amene sanagwirepo ntchito: ena anapangidwira magetsi a mphamvu ya 110 ya ku America pamene athu ndi a 230, ena anabwera opanda buku la malangizo, ena anafa chifukwa kachitsulo kakang'ono kosinthira sikapezeka m'dziko muno.

Choncho tisanagule kanthu, tipite kwa mkulu wa chipatalacho, kwa komiti ya anthu a m'dera yoyang'anira chipatala, ndi ku ofesi ya mkulu wa zaumoyo kukhonsolo ya boma lathu. Tiwapemphe mndandanda wolembedwa wa zosowa, kuyambira chofunika kwambiri. Unduna wa Zaumoyo uli ndi amisiri osamalira zipangizo za m'zipatala. Amenewa atiuze mtundu wa makina umene amatha kuukonza ndiponso umene zosinthira zake zimapezeka. Nthawi zina adzatiuza kuti kukonza makina atatu akufa n'kotsika mtengo kuposa kugula amodzi atsopano. Tiwamvere, ngakhale kuti makina okonzedwa sawala pachithunzi.

Pa ndalama zonse zosonkhedwa, gawo lina lisungidwe la zosinthira ndi kukonzetsa. Ndipo ndalama zikakwana tisachedwe kugula. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100 aliwonse tsiku limodzi, ndipo popeza zipangizo zambiri zimachokera kunja, thumba logona nthawi yaitali limaphwa lokha popanda wakuba.

Amana

Chimene chimapha ntchito zotere msanga si umphawi koma kukaikirana. Ambiri a ife tikudziwa thumba lina limene linayamba ndi takbir n'kutha ndi manong'onong'o. Ndalama ya anthu ndi amana. Ndime yaitali kwambiri mu Qur'an yonse, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Ngati kulemba kukufunika pakati pa anthu awiri, kuli bwanji pa chuma cha mudzi wonse?

Bokosi litsegulidwe pamaso pa anthu osachepera atatu. Ndalama zisagone m'nyumba ya munthu kapena pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi. Zipite ku akaunti ya kubanki yosainira anthu atatu, ndipo mwa iwo mukhale mayi. Mitengo ifunsidwe m'masitolo atatu, malisiti amatidwe pabolodi la pamzikiti, ndipo msungichuma awerenge malipoti pambuyo pa swala ya Jumu'ah kamodzi pamwezi. Sheikh kapena mfumu isakwiye ikafunsidwa za ndalama. Kufunsako n'kumene kumateteza dzina lake. Popereka katunduyo, alembedwe m'kaundula wa chipatala, ndipo komiti ibwerere pakatha miyezi itatu kukaona ngati akugwira ntchito.

Tisamalenso ndi mwambo wopereka. Sizingakhale zanzeru kuwononga ndalama zambiri pa matenti, zakumwa ndi zokuzira mawu kuposa mtengo wa mphatsoyo, kapena kulola wandale kuisandutsa msonkhano wake. Odwala asajambulidwe popanda chilolezo chawo. Wamasiye amene anaponya K200 yake yomaliza ali ndi gawo m'makinawo mofanana ndi mwini sitolo.

Nanga boma?

Ena afunsa kuti: kodi si ntchito ya boma imeneyi, ife timakhoma misonkho? Funsoli n'loona. M'chaka cha 2001 ku Abuja, maiko a mu Africa analonjeza kupatula magawo 15 pa 100 aliwonse a bajeti zawo kupita ku zaumoyo, ndipo tiyenera kupitiriza kukumbutsa aphungu ndi makhansala athu za lonjezoli. Kusonkha kwathu sikuchotsa udindo wa boma wolemba anamwino, kugula mankhwala ndi kumanga mawodi. Koma dera limene lagula makina ndi ndalama zake limakhala ndi mawu amphamvu pofunsa za mafuta a ambulansi, ndipo silingalekerere katundu wa chipatala akutuluka pakhomo la kuseri. Pamene tikudikira yankho la ku Lilongwe, khanda la usiku uno silingadikire nafe.

Lachisanu likudzali, swala ikatha, akuluakulu a mzikiti asankhe anthu atatu, abambo ndi amayi, oti apite kuchipatala chapafupi akafunse funso limodzi lokha: n'chiyani chimene mukusowa kwambiri chimene ife tingakwanitse? Yankho lake alilembe papepala, adzaliwerenge pamaso pa jamaa sabata yotsatira. Tikatero tidzakhala tayamba, ndipo Allah alandire kwa aliyense zimene dzanja lake lakwanitsa.