MOTO UKAKANA KUYAKA

Ana inu amene mukhala mu mzinda wa Livingstone mwazolowera kuona alendo. Ciyambire caka ca 1855, pamene David Livingstone anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, mbiri ya malo ano yamveka kutali, ndipo anthu a mitundu yambiri amabwera kudzaona madzi aja alikugwa. Ena amafika pa ndege, ena amaoloka Zambezi pa ulalo wakale umene unatha kumangidwa m'caka ca 1905, ndipo enanso amadzera pa ulalo wa Kazungula umene unatsegulidwa m'caka ca 2021.

Pakati pa alendo amenewa alipo ena amene amayenda ndi nyumba zao monga acitira kamba. M'galimoto yao muli kama, thebulo, madzi akumwa ndi citofu cophikira. Magalimoto ena akulu, makamaka opangidwa ku America, alinso ndi cipangizo cofunditsa m'katimo usiku. M'phunziro lino tidzacipatsa dzina lakuti ng'anjo ya gasi, pakuti moto wace uyaka m'kati mobisika, monga unkayakira m'ng'anjo za makolo athu osungunula citsulo.

Inu mudziwa kuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kumazizira usiku, ndipo kawiri kawiri kutentha kumatsika pansi pa madigiri 10. Tsono tiyerekeze kuti mlendo wina wagona m'mbali mwa mtsinje pamodzi ndi mkazi wace ndi ana ace. Pakati pa usiku cisanu cakula, ana alikunjenjemera, koma ng'anjo yakana kuyaka. Kodi acite ciani? Munthu wopupuluma ayesa kuyatsa kambirimbiri, ndipo potsiriza akhwaca macesi kuti aone cimene cabvuta. Wotereyu angathe kutentha galimoto ndi banja lace lomwe. Koma munthu wanzeru afunafuna cobvutaco mwa dongosolo, cimodzi cimodzi.

Nkhani imeneyi siiri ya alendo okha ai. M'caka ca 2024 mvula inasowa, madzi a m'nyanja ya Kariba anacepa, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku liri lonse. Cifukwa ca ici mabanja ena anayamba kuphikira gasi. Nzeru imene ithandiza mlendo m'galimoto yace ndiyo imene idzathandizanso amai anu m'khicini.

ZINTHU ZITATU ZIMENE MOTO UFUNA

Mphika ukhala pa mafuwa atatu. Mukacotsa limodzi, mphika ugwa. Moto nawonso uima pa zinthu zitatu. Coyamba ndico cakudya cace, monga nkhuni, makala, palafini kapena gasi. Caciwiri ndico mpweya, pakuti mu mpweya muli okosijeni, pafupifupi magawo 21 mwa magawo 100, ndipo popanda iye palibe cimene cingapse. Cacitatu ndico kutentha koyambitsa, monga macesi kapena mbaliwali ya magetsi. Moto ukakana kuyaka, dziwani kuti cimodzi mwa zitatuzi casowa. Nchito ya wokonza ndiyo kupeza cimene casowaco.

KODI GASI NCIANI?

Gasi wa m'botolo lacitsulo, limene ambiri amati silinda, ali wa mitundu iwiri, propane ndi butane, ndipo kawiri kawiri amaisakaniza. M'botolomo gasi wapanikizidwa kufikira wasanduka ngati madzi. Akatuluka asandukanso mpweya ndi kufufuma kwambiri, kotero kuti lita imodzi ipereka malita pafupifupi 250. Ndico cifukwa cace kaboo kakang'ono kangathe kudzaza cipinda conse.

Zinthu ziwiri muzisunge mumtima. Coyamba, gasi alemera kuposa mpweya umene tipuma. Akathawa sakwera kumwamba monga utsi, koma atsikira pansi nadzikundika kunsi kwa kama ndi m'ngodya, kudikira mbaliwali. Caciwiri, mwa cibadwa cace gasi alibe pfungo. Omkonza amathiramo dala mankhwala onunkha ngati mazira oola, kuti mphuno zathu ziticenjeze.

MMENE NG'ANJO IGWIRIRA NCHITO

Munthu sangakonze cinthu cimene sadziwa mayendedwe ace. Tsono taonani mndandanda wa zimene zicitika m'ng'anjo.

Pa cipupa ca galimoto pali kacipangizo koyesa kutentha, dzina lace thermostat. Kukazizira, iko kamadzutsa fani, amene ali ngati mvukuto wa wosula, ndipo amayenda ndi mphamvu ya batire ya 12 volts. Fani ayamba wazungulira yekha kanthawi, kuti akankhire kunja gasi ali yense wotsalira. Mphepo yaceyo ikankha kacitsulo kopyapyala konga thanga la ngalawa, kamene amisiri amati sail switch. Kacitsulo kameneka kakakankhidwa kokwanira, kauza bolodi la magetsi kuti mphepo iripo. Pamenepo bolodi litsegula kacitseko ka gasi ndi kutulutsa mbaliwali, ndipo mumva kulira kwakuti the! the! the! Moto ukayaka, kawaya kena kamene kali m'malawimo kabweza mau kuti zonse ziri bwino. Mauwo akapanda kufika, bolodi litseka gasi msanga. Ng'anjo zambiri ziyesa katatu, kenaka zileka ndithu, kufikira mwini wace atazimitsa thermostat ndi kuyambanso.

Mwaona kuti ciwalo ciri conse cidikira cinzace, monga ana opatsirana cidebe ca madzi pa mzere. Mmodzi akagona, madzi safika. Cotero tikadziwa pamene mzere wadukira, tadziwanso amene wagona.

YAMBANI NDI MPHUNO

Musanakhudze kanthu, nunkhizani, makamaka capansi. Ngati pfungo la gasi lamveka, kukonza konse kwathera pomwepo. Tsekani botolo, tsegulani citseko ndi mazenera, ndipo anthu onse aturuke. Musakhwace macesi, musasute fodya, ndipo musayatse kapena kuzimitsa nyali ya magetsi, pakuti nayonso itulutsa kambaliwali kosaoneka. Pofuna kupeza pamene gasi alikuthawira, munthu wamkulu asungunule sopo m'madzi, napake thobvu pa paipi ndi polumikizira ponse. Pamene thobvu litupa ndi pomwe pali boo.

Ngati pfungo palibe, tsono yafika nthawi ya makutu. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Yatsani ng'anjo kamodzi, khalani cete, ndi kumvetsera.

1. Ngati kuli zii. Fani akapanda kuzungulira nkomwe, mlandu uli kwa magetsi, si kwa gasi ai. Onani ngati thermostat yaikidwa pamwamba pa kutentha kumene kuli m'galimoto. Onani fyuzi ngati yapsa. Ikapsa, ikanipo ina ya mphamvu yofanana, osati waya kapena pepala la siliva. Onaninso mawaya a pa batire, cifukwa miseu ya mabampu imawamasula.

2. Ngati fani azungulira koma kulira kuja kwa mbaliwali sikumveka. Apa mphepo yacepa, ndipo kathanga kaja sikanakankhidwe. Kawiri kawiri cifukwa cace ndi batire yofooka. Batire yodzala ionetsa pafupifupi 12.6 volts, koma ikatsika kufika ca ku 10.5, fani azungulira mwaulesi. Nyali zingathe kuyakabe, munthu naganiza kuti batire iri bwino, koma ng'anjo ifuna mphamvu yoposa ya nyali. Batire ikakhala yabwino, onani ngati katundu kapena bulangete latseka polowera ndi poturukira mphepo. Pfumbi la m'miseu yathu ya nthawi ya cilimwe, pamodzi ndi ubweya ndi ulusi, zimamatiranso pa kathanga kaja kufikira kalephera kugwedezeka.

3. Ngati mbaliwali ilira koma moto suyaka. Tsono tikayikire gasi. Njira yapafupi ndiyo kuyatsa citofu cophikira. Cikayaka ndi malawi a mphamvu, obiriwira ngati thambo, gasi alipo. Cikakana, onani ngati botolo latsegulidwa ndiponso ngati muli kanthu. Pa botolo pamalembedwa kulemera kwace likakhala lopanda gasi. Mukaliika pa sikelo, zoonjezerapo ndiye gasi wotsala. Botolo likangosinthidwa kumene, m'paipi mumalowa mpweya wamba, ndipo kuyatsa citofu kanthawi kumaucotsa. Cisanu naconso cibvuta. Propane asanduka mpweya ngakhale kuzizira kufike madigiri 42 pansi pa ziro, koma butane afooka kuzizira kukayandikira ziro. Ngakhale ziri tero, musaothetse botolo pa moto kapena kuligoneka cam'mbali. Liime ciriri nthawi zonse.

Gasi akakhalapo, turukani kunja mukaone ziboo zimene ng'anjo ipumira. Pano pali adani awiri amene nonse muwadziwa. Woyamba ndiye mabvu aja amene amanga tinyumba tadothi pa zipupa za sukulu. Galimoto ikaima nthawi yaitali, iwo amanganso m'mipope ya ng'anjo. Waciwiri ndiye kangaude, amene aluka ukonde wace m'njira yopapatiza ya gasi. Kacirombo kocepa ngati mbeu ya mapira kangathe kugoneka banja lonse m'cisanu. Zoterezi zicotsedwe ndi burashi, botolo litatsekedwa ndi ng'anjo itazizira.

4. Ngati moto uyaka kanthawi nuzimanso. Apa zinthu zitatu zija ziripo, koma kawaya komva moto sikabweza mau. Kapena kakutidwa ndi mwaye, kapena kapindika, kapena kadongo koyera kamene kakagwira kang'aluka. Mpata wodumphira mbaliwali uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 3.

POLEKEZERA PA NZERU ZATHU

Kuona batire, fyuzi, botolo ndi zisa za mabvu ndiyo nchito imene mwini galimoto angathe kucita yekha. Koma kacitseko ka gasi, bolodi, ndi regulator, ndiye cipangizo ca pakamwa pa botolo cocepetsa mphamvu ya gasi, izi nza mmisiri wophunzira. Safunsa anadya phula.

Pali kulakwa kuwiri kumene anthu ocenjera pang'ono amacita. Ena akulitsa kaboo koturukira gasi ndi singano. Pamenepo gasi acuruka kuposa mpweya, malawi nasanduka acikasu ndi amwaye. Ena alumikiza mawaya molambalala kathanga kaja kuti ng'anjo iyake mokakamiza. Kutero ndiko kumanga mlonda pakamwa cifukwa wapfuula kuti kuli mbala. Ng'anjo ikakana kuyaka, nthawi zambiri irikuteteza eni ace ku ngozi. Ndi bwino kugona usiku umodzi m'mabulangete awiri kusiyana ndi kusadzukanso m'mawa.

ZA KWATHU

Tsono tibwerere ku nyumba zathu. Citofu ca gasi cikakana kuyaka, dongosolo liri lomweli: poyamba mphuno, kenaka botolo ndi paipi, kenaka tiziboo ta pamoto timene phala kapena msuzi wosefukira umatseka, ndipo potsiriza cotulutsa mbaliwali. Citofu ca palafini ca Primus, cimene cinayamba kupangidwa ku Sweden m'caka ca 1892, naconso cimvera lamulo la mafuwa atatu. Cikakana, mwina palafini watha, mwina pampu siipopa mpweya, mwina mutu wace sunatenthedwe kokwanira ndi sipiriti, kapena kaboo katsekeka ndipo kafuna kawaya kace kotsegulira.

Palinso ngozi ina imene mphuno siingaimve. Moto uli wonse ukasowa mpweya wokwanira utulutsa mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide, umene ulibe pfungo kapena maonekedwe. Ukalowa m'mapapo, mwazi uugwira kolimba kuposa okosijeni nthawi zoposa 200. Munthu ayamba kumva mutu, cizungulire ndi tulo, ndipo angathe kufa ali mtulo. Ndico cifukwa cace ng'anjo ya m'galimoto itayira utsi wace kunja, ndipo ikang'aluka m'kati siiyenera kuyatsidwanso. Mlendo uja asayese kufunditsa galimoto ndi citofu cophikira atatseka mazenera. Ifenso tisalowetse mbaula ya makala m'cipinda cogona ndi kutseka citseko, ngakhale cisanu ca Juni cikule bwanji. Mukaona munthu wafooka pafupi ndi mbaula, mturutseni kunja msanga ndi kupita naye ku cipatala.

Inu muli ana, ndipo sitikukuuzani kuti mumasule zipangizo za gasi. Nchito yanu ndiyo kununkhiza, kumvetsera, ndi kuuza akulu cimene mwaona. Koma cizolowezi ca kufunafuna mwa dongosolo muyambe naco tsopano, pakuti ena a inu mudzakhala amisiri okonza magalimoto a alendo ofika mu mzinda uno, ndipo moyo wa anthu udzakhala m'manja mwanu.

MAFUNSO

1. Chulani zinthu zitatu zimene moto ufuna.
2. Cifukwa ninji tiyenera kununkhiza capansi pofunafuna gasi wothawa?
3. Fani alikuzungulira koma mbaliwali siirira. Kodi mudzayamba kuona ciani?
4. Fotokozani mmene sopo athandizira kupeza boo pa paipi.
5. Lembani kalata kwa mnzanu wa kumudzi, kumcenjeza za kugona ndi mbaula m'nyumba yotseka.