Nthaŵi ya Mafunso m'Nyumba ya Malamulo

Pamudzi pakagwa nkhani, anthu amasonkhana pabwalo la mfumu. Dziko la Malaŵi lilinso ndi bwalo lake lalikulu, limene limatchedwa Nyumba ya Malamulo. Kwa zaka zambiri aphungu ankakumana ku Zomba, ndipo anapitiriza kutero ngakhale pamene likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975. Tsopano amakumana ku Lilongwe, m'chinyumba chachikulu chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2010.

Anthu onse sangakwane m'nyumba imodzi. Chifukwa cha ichi, dera lililonse limasankha munthu mmodzi woti akalankhule m'malo mwa anzake, ndipo munthuyo ndiye phungu. Lamulo limati chisankho chizichitika pakatha zaka zisanu. Pa chisankho cha 2025 madera onse analipo 229. Aphungu amapanga malamulo, ndiponso amavomereza ndalama zimene boma lifuna kugwiritsa ntchito pa chaka. Koma pali ntchito ina imene anthu akumudzi amaitchera khutu kwambiri pa wailesi, ndiyo yofunsa boma mafunso.

Belu likalira, aphungu amaloŵa ndi kukhala m'malo mwawo. Kenaka Sipikala amatulukira, patsogolo pake pali munthu wosenza ndodo yonyezimira. Ndodoyo ikaikidwa patebulo, ndiye kuti Nyumba yayamba ntchito. Sipikala ali ngati nyakwaŵa wosungitsa bata pabwalo. Palibe amene amalankhula iye asanamlole. M'chaka cha 2019 aphungu anasankha Mayi Catherine Gotani Hara pa udindo umenewu, ndipo iwo anali mayi woyamba kukhala Sipikala m'dziko muno.

Funso la phungu limayambira kutali. Mwachitsanzo, mvula yamphamvu ingagwe ndi kukokolola mlatho wa pamtsinje wina. Ana a tsidya lino amalephera kupita ku sukulu. Odwala amagona m'nyumba chifukwa chipatala chili tsidya lija. Alimi amangoyang'ana mtedza wawo uli m'matumba, poti galimoto silingafike. Anthu amadandaulira mfumu, ndipo mfumu ndi anthu ake amauza phungu.

Phunguyo amalemba funso lake ndi kulipereka ku ofesi ya Mlembi wa Nyumba. Kuchokera kumeneko funsolo limatumizidwa ku unduna woona za misewu. Samayankha tsiku lomwelo ayi. Ogwira ntchito mu undunawo amayamba afufuza kuti mlathowo unagumuka motani, ndi kuti kuumanganso kudzadya ndalama zingati. Akatha amalembera nduna zonse zimene apeza.

Tsiku loyankha likafika, Sipikala amaitana phungu uja, ndipo nduna imaimirira ndi kuŵerenga yankho. Apa mpamene pagona nkhani. Ngati phunguyo sanakhutire, amaloledwa kufunsa funso loonjezera pomwepo. Angafunse kuti ntchitoyo idzayamba mwezi uti, kapena kuti ana adzaoloka bwanji m'nyengo ya dzinja podikira mlatho watsopano. Aphungu ena, amene kwawonso kuli milatho yogumuka, amaimirira kuti nawonso afunseko. Tsono funso loonjezera silikhala papepala la nduna. Nduna yodziŵa ntchito yake imayankha mosadodoma, koma imene inangodalira zoilembera imayamba kutembenuzatembenuza mapepala, Nyumba yonse ikuona.

Si mayankho onse amene amakondweretsa. Kaŵirikaŵiri nduna imati ntchitoyo idzagwiridwa ndalama zikapezeka. Yankho lotere nthaŵi zina limakhala loona, pakuti zosoŵa za dziko nzambiri kuposa ndalama za m'thumba la boma. Koma ndalama zikapezeka si tsiku la pa kalendala, ndipo phungu wochenjera sakhala pansi asanamve chaka kapena mwezi. Mwaŵi wake ngwakuti mawu onse olankhulidwa m'Nyumbamo amalembedwa m'buku lotchedwa Hansard. Nduna ikalonjeza mlatho, lonjezolo silifufutika. Pakapita chaka, phungu angathe kutsegula bukulo ndi kuikumbutsa mawu ake omwe. Palinso kagulu ka aphungu kamene ntchito yake ndi kulondoloza malonjezo a boma.

Ngakhale mkangano utakula, m'Nyumbamo muli mwambo. Phungu salozana chala ndi nduna, koma amalankhula kudzera kwa Sipikala. Potchula mnzake amati Wolemekezeka phungu wa dera lakutilakuti. Wotukwana kapena wosokoneza amauzidwa kuti abweze mawu ake, ndipo akakana angathe kutulutsidwa. Zokambirana zonse zimachitika m'Chingerezi, motero nyumba zoulutsa mawu zimafotokozeranso anthu m'zinenero zawo.

Mafunso ena amadumpha malire a dziko. Malaŵi alibe doko la panyanja yamchere. Mafuta a galimoto ndi feteleza zimadzera ku Beira ndi ku Nacala m'dziko la Mozambique, kapena ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania. Choncho chimene chachitika kutali chimafika mpaka m'munda wa mlimi. Nkhondo ya pakati pa Russia ndi Ukraine itakula m'chaka cha 2022, feteleza anakwera mtengo m'maiko ambiri, ndi kuno komwe. M'chaka cha 2015, alendo atayamba kuchitidwa chipongwe ku South Africa, boma linatumiza mabasi kukatenga Amalaŵi ofuna kubwerera kwawo. Nkhani zadzidzidzi zotere sizidikira masiku ambiri. Phungu angapemphe Sipikala kuti aifunse msanga, kapena nduna imabwera yokha kudzafotokozera Nyumba zimene boma likuchita.

Boma likafuna kukongola ndalama zambiri kunja, limapemphanso chilolezo kwa aphungu. Pamenepa mpofunika mafunso ambiri ndithu, chifukwa safunsa anadya phula. Ngongole zina zimabwezedwa patapita zaka makumi atatu kapena kuposerapo, ndipo odzabweza ake ndi ana amene lero ali pa sukulu.

Ufulu wofunsa sunali wotere nthaŵi zonse. Kuyambira m'chaka cha 1966, dziko lino linali ndi chipani chimodzi chokha, ndipo phungu wofunsa funso loŵaŵa ankaika moyo wake pachiswe. Zinthu zinasintha anthu atasankha ndale za zipani zambiri m'chaka cha 1993. Malamulo aakulu a dziko amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994 amati ngakhale Mtsogoleri wa dziko angathe kuitanidwa kuti adzayankhe mafunso a aphungu. M'chaka cha 2020 Dr Lazarus Chakwera, amene anali Mtsogoleri pa nthaŵiyo, anapita ku Nyumbayi nakayankha mafunso ndi pakamwa pawo.

M'Nyumbamo muli mipando ya alendo, ndipo ana a sukulu amapitako ndi aphunzitsi awo kukaonerera. Mlendo saloledwa kulankhula kapena kuomba m'manja, ngakhale phungu wa kwawo atafunsa za mlatho umene iye amaolokapo tsiku ndi tsiku.