Kodi mumadziwa? Galu wothothoka ubweya sadwala matenda amodzi

Alenje ndi alimi a fodya ku Chisemphere akaona galu akudzikanda amangoti wagwidwa mphere. Komatu zoyambitsa n'zambiri, ndipo malo amene ubweya wathothoka amatithandiza kuzisiyanitsa.

• M'mphepete mwa makutu, m'zigongono ndi kumimba: kawirikawiri ndi tizilombo ta Sarcoptes, timene timaboola khungu n'kuikiramo mazira. Galu amadzikanda usana ndi usiku, amapatsira anzake, ndipo munthu womugwira amatha kutuluka totupa toyabwa.

• Kuzungulira maso, kukamwa ndi miyendo yakutsogolo, makamaka mwa tiana: ndi tizilombo ta Demodex, timene kagalu kamatengera kwa mayi ake poyamwa. Kuyabwa kumakhala kochepa.

• Pamsana chakumchira: ganizirani nthata.

• Zigamba zozungulira: mwina ndi chipere, chomwe chimafalikiranso kwa ana.

Pofuna kutsimikiza, dokotala wa ziweto amapala khungu ndi kampeni n'kuunika zopalazo pa makina oonera tinthu tating'onoting'ono.

Chenjezo: musapake galu oyilo wakutha wa galimoto kapena mankhwala opopera fodya. Ndi poizoni, ndipo galu akadzinyambita angathe kufa. Pitani kwa mlangizi wa ziweto.