Mbali Yako ya Msewu, ndi Kubwereka Mbali ya Mnzako

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M12, umene uchoka mumzinda wa Lilongwe, nudzera pa Chitedze, pa Mpingu, pa Msundwe ndi pa Namitete, kufikira kumalire a Zambia ku Mchinji, adziwa kuti msewu umenewu, ungakhale usenza malole a katundu opita ku Chipata, maminibasi, njinga za kabaza ndi ngolo za ng'ombe zodzala mabelo a fodya, uli ndi mbali ziwiri zokha, ina ya opita ndi ina ya obwera. Lamulo la dziko lino, lolembedwa mu Road Traffic Act ya chaka cha 1997, liti woyendetsa galimoto asunge mbali ya kumanzere, monganso achitira anansi athu a ku Zambia ndi ku Mozambique. Ndipo ndinena ine kuti lamuloli ndi pangano la pakati pa anthu osadziwana, pakuti amene akudza kutsogolo kwanu wapereka moyo wake, ndi wa ana ali kumbuyo kwake, m'manja mwanu, pokhulupirira kuti simudzalumpha malire.

Malirewo alembedwa pa phula. Mzere woyera wodukizaduka uli pakati ukulolani kuwoloka ngati kutsogolo kuli bwino. Koma mzere woyera wosadukiza, umene muupeza pokhota, pachitunda ndi pofika pa mlatho, uli ngati mpanda wa munda wa mwini, ndipo kuulumpha ndi mlandu umene apolisi a pamsewu alipiritsa. Amene anaujambula anayeza malowo, naona kuti diso la woyendetsa silingafike patali pokwanira.

Tsono popeza kwathu kuno kusintha mbali nthawi zambiri kutanthauza kupitirira mnzanu, kumene madalaivala atcha kuovateka, tiyeni tikhalepo pang'ono. Wopitirira mnzake wabwereka mbali ya eni ake, ndipo chobwereka chibwezedwa msanga. Muyambe mwasiya mpata pakati pa inu ndi galimoto muli kuitsata, chifukwa wokakamira kumbuyo kwa lole saona kanthu koma thabwa lake. Mukatero yang'anani pa galasi la m'kati ndi la kudzanja lamanja, ndi kucheukanso pang'ono, pakuti pali malo ena m'mbali mwa galimoto amene galasi silionetsa, ndipo m'menemo ndimo mubisala njinga yamoto. Pamenepo yatsani indiketa ya kumanja, ndi kuilola iphethire kangapo musanapotoze chiwongolero, kuti wakumbuyo amve cholinga chanu. Pakuti indiketa yoyatsidwa galimoto itakhota kale ifanana ndi munthu wonena odi atakhala kale pa mphasa. Mukaona kuti kutsogolo kuli mbee, pitirirani mosazengereza, kudzera kudzanja lamanja, ndipo musabwerere kumanzere kufikira mutaona nkhope yonse ya galimoto ija pa galasi lanu la m'kati. Naye wopitiriridwa ali ndi udindo wake: asaonjeze liwiro ngati kuti apikisana.

Pali mwambo wina wa madalaivala a malole umene ndiyenera kuutchula. Akaona kuti kutsogolo kukudza galimoto ayatsa indiketa ya kumanja kukuchenjezani, ndipo akaona kuti kwayera ayatsa ya kumanzere, ngati kunena kuti pitani, achimwene. Mtima wake ndi wabwino ndithu, koma mwambowu suli m'buku la malamulo a pamsewu limene ophunzira ayesedwa nalo ku Directorate of Road Traffic and Safety Services asanalandire laisensi. Ndipo kapena mwini loleyo akungofuna kuima kuti agule mbatata, kapena akhotera kumanzere ndithu. Mukagundana ndi wobwera, mlandu udzagwa pa inu amene munasiya mbali yanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akulu. Onani ndi maso anuanu.

Pa malo a malonda mpamene mtima wanga uda nkhawa koposa. Tsiku la msika pa Msundwe kapena pa Nsaru, malonda afika m'mphepete mwenimweni mwa msewu, minibasi iima pamene kondakitala waona munthu, niyambanso ulendo osacheuka, ndipo wa kabaza, atasenza thumba la chimanga mopingasa, apatuka mwadzidzidzi kuzemba dzenje. Pamenepo si popitirira mnzanu ayi. Chepetsani liwiro, ndipo podutsa njinga muipatse mpata woti ngakhale itagwa isagwere pa tayala lanu. Ngati mpatawo palibe chifukwa cha galimoto yobwera, dikirani kumbuyo kwake, osamkankhira kutchire ndi hutala, popeza nayenso ali ndi gawo pa msewuwo. Kuthamanga sikufika, ndipo anamwino a pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete, amene alandira ovulala a pa msewu uwu, angachitire umboni mawu amenewa.

M'misewu yafumbi ya kumidzi ya kwa Kabudula ndi ku Nambuma mulibe mzere wojambulidwa, koma lamulo la kumanzere silinathere pamene phula lathera. M'dzinja aliyense afuna mbali youma, nayenda kumanja kuthawa matope. Chitani chotero pokhapo pamene muona patali, ndipo pofika pokhota bwererani kwanu. M'chilimwe musalowe m'fumbi la galimoto ili patsogolo ndi cholinga choipitirira, pakuti simudziwa chimene chili m'katimo. Ndipo madzulo, dzuwa litapendeka, mukaona nthambi zaziwisi zitayalidwa pa msewu, dziwani kuti patsogolo pafera galimoto imene mwini wake alibe zizindikiro zofiira za makona atatu zimene lamulo lifuna. Pondani buleki, yang'anani pa galasi, yatsani indiketa, ndipo muizungulire pang'onopang'ono, chifukwa kawirikawiri pansi pake pagona munthu ali ndi sipanala m'manja, miyendo yake itatulukira kumsewu.