Chimene Chimavuta Olankhula Chirasha pa Chingelezi

Wowerenga wina wandifunsa chifukwa chake olankhula Chirasha amavutika kuloweza mawu a Chingelezi. Nanenso kale ndinkangoti vuto ndi zilembo, poti iwo ali nazo 33, ndipo chooneka ngati P amachitchula ngati R.

Komatu zilembo munthu amazizolowera msanga. Nkhani yagona apa: m'Chirasha mawu amasintha mathero posonyeza wochita ndi wochitiridwa, pomwe Chingelezi chimadalira pamene mawuwo aima m'chiganizo. Woloweza mawu paokhapaokha ali ngati wogula njerwa popanda simenti, n'chifukwa chake ine ndimati bola aloweze ziganizo zathunthu.

Ndiye palinso timawu ta "a" ndi "the", timene m'Chirasha mulibe n'komwe. Ngakhale wodziwa mawu ambirimbiri amatidumpha osazindikira.