Kubzala tsitsi kumabisa dazi, koma kumasiya zipsera

Amuna ambiri m'dziko muno, dazi likayamba, amangouza wometa kuti adutsitse makina mutu wonse, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kumaiko ena, makamaka mumzinda wa Istanbul ku Turkey, anthu amachita kulipira ndalama zambiri kuti awachite opaleshoni yobzala tsitsi padazi. Opaleshoniyi imathandiza ndithu, koma imasiya zipsera zomwe zingamulepheretse munthu kumetanso mpala moyo wake wonse.

Luso limeneli si lachilendo. M'chaka cha 1952, dokotala wa ku New York, Norman Orentreich, adasamutsa tsitsi la kunkhongo n'kulibzala padazi, ndipo lidapitiriza kumera. Nkhaniyi idatchukanso mu 2011 pomwe katswiri wa mpira wa miyendo wa timu ya Manchester United, Wayne Rooney, adaulula yekha kuti wabzalitsa tsitsi ali ndi zaka 25.

Madokotala sapanga tsitsi latsopano ayi. Amangolizula kunkhongo ngati mbande za kunazale n'kukaliwokera kutsogolo. Zipserazo zimatsala komwe azula.

Njira zake zilipo ziwiri. Yoyamba, yotchedwa FUT, amadula kachikopa kakatali kunkhongo kenako n'kusoka balalo. Pakapola pamatsala mzere wopingasa, nthawi zina wochokera kukhutu lina mpaka kufika kukhutu linzake. Pamzerewu sipameranso tsitsi, choncho mwini wake amayenera kusunga tsitsi lalitaliko kuti liziphimba. Akangometa lalifupi, aliyense wokhala kumbuyo kwake m'minibasi kapena m'tchalitchi amauona.

Njira yachiwiri, ya FUE, yomwe madokotala William Rassman ndi Robert Bernstein adailongosola mu 2002, amazula mizu ya tsitsi umodziumodzi ndi kachitsulo koboola kabowo kosapitirira kwenikweni milimita imodzi. Apa sipakhala mzere, koma pamatsala timadontho totuwa tambirimbiri. Tsitsi likakhala lalifupi pang'ono sitioneka, koma munthu akameta ndi lezala timaonekera. Ndipo dokotala akazula mopyola muyeso, kunkhongo kumaoneka ngati munda womera mwa apo ndi apo.

Anthu akhungu lakuda ali ndi chifukwa china chochenjerera. Ambiri mwa iwo, kusiyana ndi azungu, amachita zipsera zotupa zomwe achipatala amazitcha keloid, monga zija zimatuluka pakhutu munthu akaboola ndolo. Amene thupi lake limachita zotere akhoza kuchoka ndi chotupa chooneka kuposa dazi lomwe amalithawa. Komanso tsitsi lopotana limapindika ngakhale m'kati mwa khungu, kotero dokotala wosazolowera amadula mizu yambiri poizula.

Chipsera chikabwera sichichoka, amangochibisa. Ena amachilemba timadontho ta inki tofanana ndi tsitsi longometedwa kumene, ngakhale inkiyo imafwifwa pakapita zaka ndipo amayenera kubwereza. Ena amabzala tsitsi pachipsera pomwepo, koma silimera lonse chifukwa magazi sayenda mokwanira pamalopo.

Choncho wofuna opaleshoniyi ayambe waganizira kametedwe komwe amakakonda, auze dokotala ngati adachitapo chipsera chotupa, ndipo apemphe kuona zithunzi za kunkhongo kwa anthu omwe dokotalayo adawathandiza kale, osati zakumaso zokha. Paja akulu adati safunsa adadya phula.